Fizikisi ya Pakompyuta: Kodi Mwana wa ku Petauke Angaifikire?

Funso: Pulofesa wa fizikisi yotereyi amafufuza chiyani?

Yankho: Amafufuza mmene tinthu tambirimbiri, tomwe patokha timayenda mwachisawawa, timasonyezera khalidwe lodziwikiratu tikakhala pamodzi. Tikachulukitsa, masamu a papepala amagonja, choncho pulofesayo amalamula kompyuta kuyesa mwamaere kambirimbiri, iye n'kusanthula zotuluka. Njira yotchuka yochitira zimenezi inasindikizidwa mu 1953 ndi Nicholas Metropolis ndi anzake ku Los Alamos, ndipo pulogalamu yake inalembedwa ndi Arianna Rosenbluth. Mwachitsanzo, taganizani za moto wolusa m'nkhalango za ku Nyimba. Gawani malo m'timabokosi ta mizeremizere, mubzalemo mitengo mwachisawawa, moto uzidumphira pa mtengo woyandikana nawo basi. Mitengo ikakhala m'timabokosi tosakwana 59 pa 100 tilitonse, moto umafera panjira. Ikangopitirira apo, umaoloka nkhalango yonse. Mphepo ndi udzu mulibemo m'chitsanzochi, komabe chimaulula mfundo yaikulu: kusintha pang'ono kungathe kutembenuza zinthu mwadzidzidzi.

Funso: Nanga si maphunziro a mayiko olemera amenewa?

Yankho: Ayi, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Nthambi zina za fizikisi zimalira makina a ndalama zankhaninkhani, koma iyi imalira masamu ndi kompyuta wamba. Makina a MANIAC amene Rosenbluth ankagwiritsa ntchito amaposedwa kutalitali ndi foni yogulitsidwa pamsika wa Petauke. Wina anganene kuti magetsi ndi osadalirika, monga zinaonekera mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba. N'zoona, koma laputopu imakhutira ndi sola yaing'ono, pomwe labotale yaikulu ikanaima. Njira nayo ndi yolambulidwa kale: University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ili ndi dipatimenti ya fizikisi, sukulu ya masamu ya AIMS inayamba ku Cape Town mu 2003, ndipo sukulu ya fizikisi ya ICTP ya ku Trieste, imene Abdus Salam anaikhazikitsa mu 1964, imalandira asayansi a m'mayiko osauka.

Funso: Kuphunzitsa sikumudyera nthawi yofufuza?

Yankho: Kumamudyeradi, makamaka kalasi ikakhala yodzaza. Koma m'nthambi iyi wophunzira wodziwa kulemba pulogalamu yaifupi amasanduka msanga mnzake wofufuza naye. Chomwe chimatsekereza ana athu ndi masamu ofooka a kusekondale. Aphunzitsi a ku Petauke ndi Nyimba, limbikirani pamenepo.