Ana a Mlamba M'beseni

Mlamba ndi nsomba ya m'matope. Ulibe mamba. Khungu lake ndi loterera. Mutu wake ndi waphwatalala, ndipo pakamwa pake pali ndevu zisanu ndi zitatu. Ndevuzo ndizo zimauthandiza kupeza chakudya usiku kapena m'madzi akuda.

Ku Angónia milamba imapezeka m'madambo ndi m'mitsinje, monga Lifidzi ndi Revúbue. Madzi a Revúbue amatsika kumapiri kuno mpaka kukathira mu Zambezi, pafupi ndi mzinda wa Tete.

Mvula ikagwa yambiri, mitsinje imasefukira. Usiku milamba imachoka mumtsinje ndi kulowa m'udzu womira m'madzi. Kumeneko imaikira mazira ambirimbiri. Mazirawo amamatirira ku udzu. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri amaswa. Nkhuku imalera anapiye ake, koma mlamba sulera ana. Ukaikira mazira, umapita.

Kamwana ka mlamba kamabadwa ndi kathumba kakang'ono pamimba. M'kathumbamo muli chakudya cha masiku awiri kapena atatu. Chikatha, kamayamba kusaka tizilombo ta m'madzi.

Madzi akayamba kuphwa, timilamba tina timatsalira m'zithaphwi. Ndi pamene ana amatipeza. Mwana asapite yekha kumtsinje nthawi ya dzinja. Apite ndi bambo, mayi kapena mkulu wake, chifukwa madzi osefukira amakokolola anthu.

M'mizinda anthu amasunga nsomba m'bokosi la galasi. Kumudzi beseni lalikulu limakwanira. Koma likhale beseni la nsomba zokha. Beseni lochapiramo zovala limatsalira sopo, ndipo sopo amapha nsomba. Madzi akhale a pachitsime kapena a mumtsinje. Madzi othira klorini ndi abwino kwa anthu, koma kwa timilamba ndi oopsa.

Timilamba sitikonda kuwala. Beseni liikidwe pamthunzi, m'nyumba kapena pakhonde. Pansi pake paikidwe phale la mphika wosweka, lovundikira, kuti tizibisalamo. Pamwamba pavundikiridwe lichero, ndi kamwala kotsindira. Lichero limaletsa mphaka ndi nkhuku. Limaletsanso timilamba kuthawa. Mlamba umathawadi! M'mutu mwake muli kachiwalo kooneka ngati kamtengo ka nthambi zambiri. Ndi kachiwalo kameneka umapuma mpweya kunja kwa madzi. Nchifukwa chake umatha kukwawa pa udzu wonyowa usiku, kuchoka padziwe lina kupita pa lina. Mwana akaona kamlamba kakukwera pamwamba, kumeza mpweya ndi kubwerera pansi, asadabwe. Lichero ndi labwino chifukwa mpweya umalowa. Neti yoteteza ku udzudzu isagwiritsidwe ntchito: ili ndi mankhwala opha nsomba, ndipo ntchito yake ndi kuteteza anthu ku malungo.

Chakudya sichivuta. Timilamba tating'ono kwambiri timadya mbali yachikasu ya dzira lophika, yonyenyanyenya. Timadyanso mphutsi za udzudzu. Tikakula pang'ono timadya chiswe, ngumbi ndi nyongolotsi zoduladula. Madeya okha sakwanira, pakuti mlamba waung'ono umafuna ndiwo za nyama. Mwana atipatse pang'ono m'mawa, pang'ono masana, pang'ono madzulo.

Ana ambiri amalakwitsa apa. Chifukwa chokonda nsomba zawo, amaponyamo nsima yambiri. Nsimayo imatsala pansi, imaola, madzi amanunkha, ndipo m'mawa timilamba tapezeka titafa. Mumtsinje madzi amayenda ndi kuchotsa zoipa. M'beseni madzi sayenda. Tsiku lililonse mwana achotse zotsala, atunge madzi ena ndi kapu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndi kuthiramo atsopano. Madzi atsopanowo agone m'nyumba usiku, kuti asakhale ozizira kuposa a m'beseni. Akatha ntchitoyi asambe m'manja ndi sopo.

Pali chinthu china chimene chimaliritsa ana. Dzulo m'beseni munali timilamba khumi. Lero tatsala tisanu ndi tiwiri. Lichero lili pamalo pake. Mphaka sanafikepo. Nanga titatu tapita kuti?

Tadyedwa ndi tinzake. Timilamba sitikula mofanana. Kamodzi kamakula msanga, mimba yake imatupa, ndipo kamameza tinzake tating'ono, makamaka kakamva njala. Choncho pakapita masiku angapo, mwana ndi makolo ake ayang'ane bwino. Tikulutikulu tipite m'beseni lina, tating'ono titsale tokha. Potigwira asamale. Pa zipsepse za m'mbali mwa mutu pali minga yolimba, ndipo ikabaya chala imapweteka kwambiri. Ndi bwino kutunga ndi kapu kusiyana ndi kugwira ndi dzanja.

Mlamba umakula bwino m'madzi ofunda, a madigiri 25 mpaka 30. Angónia ndi dziko la mapiri, lokwera mamita oposa 1000, ndipo usiku kumazizira. Madzi akazizira, timilamba timaleka kudya bwino ndipo timachedwa kukula. Madzulo beseni lilowe m'nyumba. Lisaikidwe pafupi ndi moto, ndipo musathiridwe madzi otentha.

Beseni ndi nyumba ya masabata ochepa chabe. Mlamba waukulu umatha kupitirira mita imodzi kutalika. Timilamba tikaposa chala cha munthu wamkulu, malo amachepa. Banja lokhala ndi dziwe kudimba litipititse kumeneko chisanu cha Juni chisanafike. Madzi a dziwe lakuya sazizira msanga ngati a m'beseni. Banja lopanda dziwe litibwezere kumtsinje umene linatitenga.