MIYENDO YA NDEGE

Mbalame ikafuna kutera pa nthambi iyamba yatambasula miyendo yace. Ndege nayonso iri ndi miyendo, ndiyo magudumu ndi zitsulo zowagwira. Anthu poona ndege azizwa ndi mapiko ace, koma aphunzitsi a oyendetsa ndege adera nkhawa kwambiri miyendoyi, pakuti ngozi zambiri za ophunzira zioneka pa nthawi yotera.

Mzinda wa Kabwe unazolowera ndege kalekale. Dzina lace linali Broken Hill kufikira 1966. M'caka ca 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kunyamula makalata pakati pa London ndi Cape Town, ndipo ndege zace pocokera ku Mpika zinali kutera pa Broken Hill zisanapitirire ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Mabwalo a ndege a masiku amenewo anali a dothi ndi udzu. Pa dzinja magudumu anali kutitimira m'matope, ndipo kaculu kakang'ono kobisika mu udzu kanali kokwanira kuthyola mwendo wa ndege. Ndege zophunzirira za nthawiyo, monga Tiger Moth, zinali ndi magudumu awiri okha kutsogolo ndi kacitsulo kokwakwaza pansi kumcira, zopanda mabuleki konse.

Lero ophunzira ambiri ayambira pa ndege zazing'ono zonga Cessna 172, imene inayamba kugulitsidwa mu 1956. Iyo iri ndi magudumu akuru awiri pansi pa thupi lace ndi lina lacitatu pamphuno. Asanalowemo, wophunzira aizungulira ndi miyendo, mphunzitsi wace ali pambuyo. Ayang'ana ngati matayala ali ndi mpweya wokwanira ndi ngati sanang'ambike, nasuzumira pa mabuleki kuona ngati mafuta sakudontha. Mwendo wa pamphuno uli ndi citsulo conyezimira coloŵa m'cinzace, m'mene muli mafuta ndi mpweya wopanikizidwa, kuti ndege isagunde pansi molimba. Citsuloco cikaloŵa conse, osaonekanso, ndegeyo siyenera kuuluka tsiku limenelo.

Nchito yobvuta ndiyo kutera. Magudumu akuru aja anapangidwa kuti asenze kulemera konse kwa ndege, koma la pamphuno ndi lofooka, popeza nchito yace yeniyeni ndiyo kukhotetsa ndege poyenda pansi. Cifukwa cace wophunzira auzidwa kudzutsa mphuno pang'ono pamene ayandikira nthaka, kuti magudumu akuru akhudze poyamba. Wamantha afulumira kukankhira ndege pansi isanathe liwiro. Pamenepo gudumu la pamphuno ligunda nthaka, ndege nidumpha, nibweranso camphuno, ndi kudumphanso koposa poyamba, ngati cule, kufikira mwendo uthyoka. Mphunzitsi wanzeru sayembekeza kudumpha kwacitatu. Auza wophunzira kuti, "Onjezani moto, tikwerenso!" Tsono azungulira bwalo nayesanso, ndipo palibe woyendetsa ndege weniweni amene acita manyazi ndi zimenezo.

Ku Kabwe kuli cinthu cina coonjezera bvutoli. Mzindawu uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo mpweya wa malo okwera ndi wopepuka, makamaka pa kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Mapiko sagwira bwino mpweya wotere. Motero ndege ifika pansi iri kuthamanga koposa m'mene ikanathamangira ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndipo ifuna mtunda wotalikirapo kuti iime. Mabuleki a ndege apondedwa ndi zala za kumapazi, gudumu liri lonse ndi phazi lace. Wopondereza mwaukali aumitsa gudumu, tayala nilikhulika pamalo amodzi, mwinanso kuphulika. Mphepo yowomba cam'mbali nayonso ikankha ndege, ndipo miyendo siinapangidwe kuti iyende ngati nkhanu. Apa woyendetsa atsitsa pang'ono phiko la kumene kucokera mphepo, kuti gudumu la mbali imeneyo liyambe kukhudza nthaka.

Magudumu a Cessna 172 wamba akhala kunja nthawi zonse. Koma wophunzira akakhwima asamukira pa ndege zaliwiro, zimene zipinda miyendo yace m'kati zikangonyamuka. Kodi munthu angaiwale kuitulutsanso? Inde, aiwala, ngakhale akatswiri a zaka zambiri, kawirikawiri cifukwa wina walankhula nawo pa wailesi pa nthawi imene akanatsitsa magudumu. Ndege yotero itera ndi mimba, cipupizo ca kutsogolo cipindika, ndipo injini yonse iyenera kumasulidwa kuti ipimidwe.

Pofuna kuletsa zimenezi, ndege zambiri ziri ndi nyali zitatu zobiriwira, imodzi ya gudumu liri lonse, zimene ziyaka mwendo ukatsika ndi kukhomeka. Mulinso lipenga lolira ngati woyendetsa acepetsa moto miyendo iri m'kati. Wophunzira akakamizidwa kuloza nyalizo ndi cala ndi kunena mokweza kuti zonse zitatu zayaka. Imodzi ikakana kuyaka, iye akweranso kumwamba, natsitsa miyendo ndi mpope wa pamanja kapena cogwirira cina coikidwira tsiku lotero, kenaka adutsa m'munsi pafupi ndi bwalo kuti anthu a pansi awerenge magudumu ace asanatere.