Za Sukulu ya Luso la Kapangidwe ka Zinthu, ndi Amisiri a ku Nyanja

Pakati pa sukulu zimene zili mu University of Malawi ku Zomba pali ina yotchedwa School of Arts, Communication and Design. Mawu awiri oyambawo sativuta, pakuti zaluso tizidziwa, ndipo kufalitsa nkhani tikumva tsiku ndi tsiku pa wailesi. Koma liwu lachitatulo, design, aphunzitsi ambiri alilumpha pofotokozera ana, kapena angoti ndiko kujambula. Kujambula kulimo ndithu, komatu sindiko mutu wa nkhani. Tiyeni tilione bwino liwu limeneli, popeza ana a m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima ali nalo gawo lalikulu koposa m'mene tiganizira.

Chinenero chathu n'cholemera pa mawu a ntchito za manja. Bwato tisema, mbiya tiumba, mono ndi mkeka tiluka, khasu tisula. Nyumba timanga, tiphoma, tifolera, tizira. Ntchito iliyonse ili ndi mneni wakewake. Koma ilipo ntchito ina yotsogolera zonsezi, imene ichitika m'mutu nkhwangwa isanakhudze mtengo: kufunsa kuti chinthuchi n'cha yani, chidzagwira ntchito yotani, chipangidwe ndi chiyani, ndipo chidzadya ndalama zingati. Azungu anaipatula ntchito imeneyi naipatsa dzina lake ndi sukulu zake. Makolo athu sanaipatule, chifukwa woganiza ndi wosema anali munthu mmodzi, ndiye mmisiri. Muno tiitcha kulinganiza kapangidwe ka chinthu, ngakhale mawuwa atalika, kufikira wina atatipezera aafupi.

Taonani bwato la pa gombe la Senga Bay. Mlendo poliona adabwa kuti pakamwa pake m'popapatiza chotere, mwakuti msodzi sakhala m'kati koma pamwamba pa milomo yake, pamene mimba yake ili yotakata. Wosema sanalephere kukumba ayi. Iye adziwa mwera, mphepo yochokera kumwera imene iwinduka m'miyezi yozizira niutsa mafunde aakulu. Milomo yopindikira m'katiyo iletsa madzi kulowa, mimba yotakatayo isunga nsomba ndi ukonde, ndipo katundu akakhala pansi bwato silifulumira kugubuduzika. Mtengo wake anausankha ukali chiimire, atauzungulira kangapo kuona kumene wapendamira. Zonsezi sanazilembe papepala, koma ali nalo yankho pa funso lililonse limene mphunzitsi wa ku Zomba akadamfunsa.

Nanga sukulu zapamwamba ziphunzitsa chiyani pa zimenezi? University of Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, niyamba kuphunzitsa mu 1965 ku Blantyre. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo kumeneko kunakula chigawo chophunzitsa kujambula, kusema, kuumba, nyimbo ndi zisudzo. Mu 2021 yunivesite inagawidwa. Ya ku Zomba inatsala ndi dzina lakale, nisonkhanitsa maphunziro a zaluso ndi a kufalitsa nkhani m'sukulu imene taitchula ija. Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, ndipo kumeneko ndiko kuphunzira olemba mapulani a nyumba, oyesa malo, owerengera mtengo wa zomangamanga, ndi mainjiniya. Kotero luso limodzili lili pawiri: mbali yokondweretsa maso ndi makutu yatsamira ku Zomba, mbali ya nyumba ndi makina ku Blantyre. Maphunziro a digiri atenga zaka 4, ena 5.

Kaphunzitsidwe ka m'sukulu zotere kasiyana ndi kathu ka choko ndi bolodi. Wophunzira apatsidwa vuto, osati yankho. Ayamba wafunsa anthu amene vutolo liwakhudza, ajambula njira zingapo, apanga chitsanzo chaching'ono cha makatoni kapena dothi, nachiika pamaso pa anzake ndi aphunzitsi kuti achidzudzule. Akachidzudzula abwerera kukakonza, kawiri, katatu. Ena amva manyazi poyamba, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo n'kwabwino kuti cholakwa chioneke pa katoni chisanaoneke pa khoma.

Chitsanzo chomveka ndi makina otchedwa Pumani, othandiza kupuma ana obadwa masiku asanakwane. Makina otere a kunja anali okwera mtengo kwambiri. Ophunzira a Rice University ku Houston, pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anapanga ena ndi timapampu ta mtundu wopopera mpweya m'magalasi owetera nsomba, ndi botolo la madzi. Kuya kwa madzi m'botolomo ndiko kuyesa mphamvu ya mpweya wolowa m'mapapo a mwana. Powayesa mu 2012 kunapezeka kuti mwa ana 100 ovutika kupuma anachira 71, pamene mwa olandira mpweya mwa njira yakale anachira 44. Pa ubwenzi umenewu panabadwa chipinda chopangira ndi kuyesera zinthu, Design Studio, chimene chinatsegulidwa pa Polytechnic mu 2016, kuti ana a dziko lino azilinganiza okha zipangizo zotere.

Kuno kunyanja mavuto ofuna anthu otere sasowa. Pa 10 March 1989 chivomezi chinagwedeza Salima, anthu 9 anafa, ndipo pafupifupi 50,000 anatsala opanda pogona. Nyanja yathu ili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake ing'ambika pang'onopang'ono, choncho chivomezi chidzabweranso, monga chinabwera ku Karonga mu 2009. Khoma la njerwa imodzi lomangidwa ndi matope, lopanda lamba womanga makoma onse pamodzi pamwamba pa mazenera, ndilo liyamba kugwa. Nyumba yakale ya mitengo ndi nsungwi yophomedwa inali yosakhalitsa chifukwa cha chiswe, koma inkagwedezeka pamodzi ndi nthaka, ndipo denga lake linali lopepuka. Munthu wakumudzi sangabwerere ku nyumba ya agogo ake, ndiponso simenti yokwanira nyumba yonse sangaithe. Ndani adzamlinganizira nyumba ya pakati pa ziwirizi? Mu 2024 nyanja inakwera nilowa m'nyumba zomangidwa pafupi ndi gombe, pamalo pamene akuluakulu akumbukira kuti madzi anafikapo mu 1980. Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato yasowa. Usipa woyanikidwa pa thandala nthawi ya dzinja uwola usanaume. Zonsezi ndi mafunso a kapangidwe ka zinthu.

Apa mpamene pali chotidandaulitsa. Polowa m'yunivesite afuna mwana amene anakhoza bwino maphunziro 6 pa mayeso a MSCE, Chingerezi chili pomwepo, ndipo maphunziro onse aperekedwa m'Chingerezi. Sitinena kuti lamuloli n'loipa. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana wa msodzi, amene manja ake adziwa kuluka ndi kusema kuyambira ubwana, kawirikawiri atsalira panjira, ndipo wolowayo ndi amene anaphunzira kuona ntchito za manja ngati za anthu olephera sukulu. Salima Technical College iphunzitsa ukalipentala ndi kumanga, inde, ndipo ichita bwino. Koma mmisiri wotuluka kumeneko nthawi zambiri amanga pulani yolembedwa ndi wina amene sanagonepo m'nyumba ya kunyanja mwezi wa October.

Vuto limeneli si lathu lokha. Sukulu yotchuka ya Bauhaus, imene Walter Gropius anaiyambitsa ku Weimar m'dziko la Germany mu 1919, pa zaka zake zoyamba inkaika aphunzitsi awiri m'chipinda chilichonse cha ntchito: wina wodziwa maonekedwe a zinthu, wina mmisiri wa manja. Inatsekedwa mu 1933, koma njira yake inafalikira m'maiko ambiri. Kwathu kuno, pa Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, kumene osema aphunzira kwa osema anzawo m'chinenero chawo, ndipo ntchito zawo zafika kutali. Ine ndiyesa kuti sukulu ya ku Zomba ndi ya ku Blantyre zikadapindula zitaitana wosema bwato ndi woluka mono kudzaima patsogolo pa kalasi, ndi kuwalipira monga alipira mphunzitsi wina aliyense.

Kwa ife aphunzitsi a sukulu za pulayimale, khomo lilipo kale m'phunziro la Expressive Arts, limene kawirikawiri lithera pa kuimba ndi kuvina chifukwa zipangizo palibe. Komatu bango, mlaza ndi dongo zili pakhomo. Bwerekani mono kwa msodzi, muuike patebulo, ndipo musawauze ana kanthu. Afunseni chifukwa chake nsomba ilowa koma siituluka; chifukwa chake mipata ili ya ukulu umenewo; chimene chingasinthe ngati tifuna kugwira mlamba m'dambo osati nsomba za mumtsinje wothamanga. Kenaka atumeni kwa agogo awo akafunse dzina la chiwalo chilichonse cha mono, la mfundo iliyonse, ndi la chitsulo chilichonse chosemera bwato, kuyambira nkhwangwa kufikira sompho. Mawuwo alembedwe m'kope limodzi losungidwa pasukulu, pamodzi ndi mudzi umene anamveka, pakuti Mchewa, Myao ndi Mtonga amene akumana pa gombe limodzi satchula chinthu chimodzi ndi dzina limodzi.