Mau a Utoto pa Nkhope za Anthu a m'Nthano

Mwana asanadziwe chilembo ndi chimodzi chomwe, amakhala atadziwa kale kuwerenga nkhope. Mphunzitsi akajambula anthu a m'nthano pa bolodi, ana amaweruza msanga kuti wabwino ndani, woipa ndani, ndipo kawirikawiri chowauza ndicho mtundu wa choko chimene iye watola. Tsono nkoyenera kuti wophunzira uphunzitsi adziwe zinthu ziwiri: kuti utoto umalankhula, ndiponso kuti sulankhula mau amodzi kwa anthu onse.

Zimene Chichewa Chinena

Chichewa chimamanga kale mitundu itatu, woyera, wakuda ndi wofiira, pamodzi ndi za mumtima. Munthu wopanda chinyengo amatchedwa woyera mtima, ndipo wokhutira amati kukhosi kwake kwayera mbee. Wovutika m'maganizo amada nkhawa. Wopsa mtima maso ake amafiira psuu. Mwana amafika m'kalasi atanyamula kale matanthauzo amenewa, ndipo akaona chithunzi amachiyesa ndi muyeso womwewo.

Amisiri a zithunzi zoyenda amadziwanso mphamvu imeneyi. Mu kanema wotchedwa Inside Out, amene kampani ya Pixar inatulutsa m'chaka cha 2015, Mkwiyo anampatsa thupi lofiira, Chisoni la buluu, ndipo Chimwemwe la chikasu. Woonera sasowa womuuza khalidwe la aliyense wa iwo.

Masewero a ku Beijing

Komatu kufiira sindiko mkwiyo kulikonse. Chitsanzo chomveka bwino chipezeka ku China, m'masewero oyimba a ku Beijing, amene chiyambi chake chimawerengedwa kuchokera m'chaka cha 1790, pamene magulu a osewera a ku Anhui anafika mumzindawo kudzakondwerera zaka 80 za mfumu Qianlong. M'masewero amenewa osewera ena amadzipaka utoto nkhope yonse, ndipo utotowo ndiwo umaulula mtima wa munthu amene akumuyerekeza, iye asanatsegule pakamwa.

Nkhope yofiira ndi ya munthu wokhulupirika ndi wolimba mtima, monga kazembe wa nkhondo Guan Yu. Nkhope yakuda ndi ya munthu woongoka, wosakondera. Wodziwika kwambiri ndiye Bao Zheng, woweruza milandu amene anakhala ndi moyo kuyambira 999 kufikira 1062, ndipo pamphumi pake amalembapo kamwezi koyera. Nanga nkhope yoyera? Imeneyo ndiyo ya wachinyengo, monga Cao Cao, nduna yochenjera imene inamwalira m'chaka cha 220. Golide ndi siliva amasungira milungu ndi mizimu.

Mwana wa ku Dedza ataonetsedwa nkhope zitatu zoyambazo, mwina akanathamangira kwa Cao Cao nathawa Bao Zheng, ndiye kuti akanakhulupirira wonyenga nakana woweruza wolungama. Maso ake sakanalakwa. Chosiyana ndicho pangano. Tanthauzo la utoto silikhala m'utotomo, koma m'mwambo wa anthu ouona, monga momwe liu limakhalira ndi tanthauzo kwa okhawo olankhula chinenero chake.

Phunziro kwa Mphunzitsi

Pokonza zithunzi kapena kasewero ka ana, mphunzitsi asunge mfundo izi.

Choyamba, asanatole choko adzifunse: kodi munthu uyu mumtima mwake muli chiyani? Utoto utsate yankho.

Chachiwiri, afunse ana zimene mtunduwo uwakumbutsa. Kufiira kungakhale mwazi kwa wina, moto kwa wina, mango akupsa kwa winanso.

Chachitatu, asasinthe pangano pakati pa nthano. Ngati Kalulu wavala mpango wa chikasu Lolemba, auvalebe Lachisanu. Utoto usinthe pokhapo mtima wa mwini wake wasintha, ndipo ana adzazindikira okha kuti pachitika kanthu.

Chachinayi, ndipo ichi ncholemera koposa: asazolowere kupaka woipa aliyense bii, wabwino aliyense mbee. Ana amene akhala patsogolo pake ndi akhungu lakuda. Akaona chaka ndi chaka kuti mbala ndi mfiti ndizo zakuda, ndipo olungama ndiwo oyera, adzaphunzira phunziro limene silinalembedwe m'buku lililonse, ndilo kudzipeputsa. Nkhope yakuda ya Bao Zheng ikumbutse mphunzitsi kuti chilungamo chingathe kuvala mtundu umenewu mwaulemu.

Zipangizo sizisowa, ngakhale pa sukulu ya kumudzi. Makala apereka kuda, katondo apereka kufiira, phulusa lipereka kutuwa, masamba osinja apereka kubiriwira. Chosowa kawirikawiri ndicho kulingalira. Mphunzitsi amene asankha utoto monga asankhira mau, modekha ndi modziwa omvera ake, ndiye amene nthano zake zidzakhala m'mitima ya ana bolodi itafufutidwa kalekale.