Dallas akadalipo, nanga Mukadota tamusunga bwanji?

Aliyense amene anakulira ku St Mary's, ku Zengeza kapena ku Seke mu Chitungwiza m'zaka za m'ma 1980 akudziwa kuti TV sinali ya banja limodzi. Nyumba imodzi ikagula, ndiye kuti mzere wonse wagula. Ana ankakhala pansi atapinda miyendo, akuluakulu pa sofa, ochedwa n'kumasuzumira pawindo. Anyamata ankadikira Knight Rider, The A-Team ndi MacGyver, amayi ndi abambo n'kumakangana za J.R. wa mu Dallas ngati kuti ndi munthu wa mu Unit L momwemu. Anthu akamva kuti ntchito yanga inali ya m'laibulale ya mafilimu ku nyumba ya kanema, funso lawo limakhala limodzi: ndani ankatisankhira zimenezi, ndipo n'chifukwa chiyani zambiri zinali za ku America? Ena amaganiza kuti Amereka ankatipatsa ulere pofuna kutikopa. Ena amati mabwana a kanema ankanyoza zakwathu. Gwero lenileni lili pa ndalama, komanso pa chinthu chimene pulogalamu yajambulidwapo.

Kanema anafika msanga m'dziko muno la Zimbabwe. Rhodesia Television inayamba kuonetsa ku Salisbury (Harare wa lero) mu November 1960, ndipo mu 1961 Bulawayo ndi Kitwe wa ku Zambia nawonso anayamba. South Africa inadikira mpaka 1976, Malawi mpaka 1999. Choncho makolo athu amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzagwira ntchito kuno anaona kanema zaka pafupifupi 40 abale awo akumudzi asanakhale ndi wawo, ngakhale kuti ambiri ankamuonera chapatali, ali chiimire m'nyumba za azungu momwe ankaphika ndi kusesa. Pamene Chitungwiza ankakhazikitsidwa ngati tauni mu 1978, kanema anali atatha kale zaka 18 muno.

Vuto la siteshoni iliyonse yatsopano ndi maola. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka pamafunika chinthu choonetsa, mawa chimodzimodzi, chaka chonse. Ola limodzi la sewero lopangidwa kuno limafuna wolemba, osewera, ojambula, magetsi, zovala, galimoto ndi mafuta. Ola limodzi la ku Hollywood limabwera lopangidwa kale, ndipo ndalama zimene analipangira zinabwezedwa kalekale ndi otsatsa malonda a ku America komweko. Chilichonse chimene mwini wake angapeze ku Africa ndi phindu lapamwamba chabe. Zili ngati kaunjika: jekete imene wina analipira kale mtengo wake wonse kunja imafika pamsika pamtengo umene telala wa pa Makoni sangapikisane nawo, ngakhale atakhala waluso chotani.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti siteshoni sigula pulogalamu. Imabwereka. Mgwirizano umanena zinthu zitatu: dziko limene pulogalamuyo ionetsedwe, nthawi imene chilolezo chidzathe, ndi kangati mungaibwereze. Mtengo unkawerengedwa potengera kuchuluka kwa ma TV m'dzikomo, n'chifukwa chake gawo lomwelo la Dallas linkadula kwambiri ku Germany koma n'kutsika mtengo ku Zimbabwe kapena ku Zambia. Chilolezo chikatha, filimu inkayenera kubwezedwa, kutumizidwa ku siteshoni ina, kapena kuonongedwa ndi kulemba kalata yotsimikiza kuti yaonongedwadi. Mukamadandaula kuti bwanji sakutibwerezera pulogalamu yakutiyakuti, dziwani kuti nthawi zambiri siteshoniyo ilibenso ufulu woionetsa, ngakhale tepi yake itakhala pa shelefu.

Banja limodzi linathandiza kwambiri kuti malonda amenewa akule. Mu 1951 Lucille Ball ndi mwamuna wake Desi Arnaz anayamba sewero la I Love Lucy pa kanema wa CBS ku America. Masiku amenewo mapulogalamu ambiri ankaulutsidwa pompopompo kuchokera ku New York, ndipo wofuna kusunga ankangoloza kamera ya filimu pa galasi la TV, zithunzi n'kutuluka zachimbuuzi. Awiriwa anakana kusamuka ku California. Anasankha kujambula pa filimu yeniyeni ya mamilimita 35, ndi makamera atatu nthawi imodzi, anthu akuonerera. Zimenezi zinali zodula, ndiye anavomera kuti awadule malipiro, koma mafilimuwo akhale awo. Patapita zaka zochepa CBS inawagulanso mafilimu omwewo pa madola opitirira mamiliyoni anayi. Kuyambira pamenepo aliyense mu ntchitoyi anazindikira kuti pulogalamu yojambulidwa bwino ndi chuma chimene chimabereka kwa zaka zambiri.

Ogulitsa anaphunziranso kuti chimene siteshoni imafuna ndi kuchuluka kwa magawo. Pulogalamu ya magawo 100 mukhoza kuionetsa Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu 20 osabwereza, ndipo wokonza ndondomeko amagona tulo. Bonanza, ya anyamata oweta ng'ombe ija, inayenda kuyambira 1959 mpaka 1973 ndipo inasiya magawo opitirira 400. Star Trek inathetsedwa mu 1969 itangofika magawo 79 chifukwa oonera anali ochepa, koma inadzatchuka pambuyo pake, pamene masiteshoni ang'onoang'ono anayamba kuibwereza madzulo aliwonse. Kuno kunalinso chifukwa china. Boma la Ian Smith litadzipatula ku Britain mu November 1965, dziko linaikidwa pa zilango za chuma, ndipo mapulogalamu a ku Britain anayamba kuvuta kupeza mwa njira yoongoka. A ku America anapeza malo, oonera n'kuwazolowera. Nyumba ya kanema ya ZBC itabadwa mu 1980 inapeza chizolowezicho chitazika kale mizu.

Mafilimuwa ankafika m'zitini zafulati zachitsulo, ali a mamilimita 16, ndipo chitini chilichonse chinali ndi mbiri yake. Kopi imodzi inkazungulira maiko angapo, siteshoni ikatha n'kupatsira inzake. Ntchito yathu inkayamba potsegula chitini ndi kununkhiza. Kenako umavala magolovesi ansalu oyera, kukoleka filimu pa mawilo awiri a patebulo, n'kumapukusa pang'onopang'ono filimuyo ikudutsa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Chala ndicho chimakuuza pamene timabowo ta m'mbali tang'ambika, kapena pamene wina anadula n'kumata. Malo ena anadulidwa chifukwa filimu inaduka m'makina, ena chifukwa oyang'anira za makhalidwe m'dziko linalake sanafune kuti anthu awo aone kupsompsonana. Ukamaliza umalemba mphindi zake zenizeni pa khadi, chifukwa nkhani za 8 koloko sizidikira munthu. Kuchoka apo filimu inkapita pa makina otchedwa telecine, amene amasandutsa chithunzi cha pa filimu kukhala chithunzi cha TV.

Pali zinthu ziwiri zimene munkaziona osadziwa chifukwa chake. Choyamba, filimu imajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, koma kanema wa kuno amayendera zithunzi 25. Njira yapafupi inali kungoithamangitsa pang'ono, choncho pulogalamu inkafupika ndi magawo anayi pa 100 alionse ndipo mawu a osewera ankakwera pang'ono. Chachiwiri ndi kuthima kwa chithunzi pakati pa nkhani, nyimbo itakwera, kenako n'kuyakanso pamalo omwewo. Amenewo anali malo a otsatsa malonda a ku America. N'chifukwa chake pulogalamu yotchedwa ya ola limodzi inkafika ili yosakwana mphindi 50, ndipo zotsalazo tinkadzaza ndi malonda akuno, zilengezo kapena nyimbo.

Kenako kunabwera tepi. Kampani ya Ampex inatulutsa makina ojambulira kanema pa tepi mu 1956, ndipo pambuyo pake Sony inabweretsa makaseti a U-matic ndi Betacam amene tinkagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ubwino wa tepi unali woti ukhoza kufufuta n'kujambulaponso. Tsoka lake linali lomwelo. Ngakhale BBC, ndi chuma chake chonse, inafufuta mapulogalamu ake ambiri a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 pofuna kupeza matepi ndi malo. Magawo ambirimbiri a Doctor Who akusowa mpaka lero. Mu 2013 kunalengezedwa kuti magawo asanu ndi anayi amene ankasowa apezeka m'chipinda chosungira katundu pa siteshoni ina ku Jos, m'dziko la Nigeria. Zinali zitini zobwereka zimene palibe anazibweza kapena kuziononga. London inataya, Africa inasunga mosadziwa.

Nkhani ya ku Jos imandikhudza chifukwa imaonetsa mbali inayo. Zakunja zinali ndi makopi m'maiko ambiri, choncho imodzi ikatayika ina imapezeka. Zathu nthawi zambiri zinali ndi kopi imodzi yokha. Ndipo tisanamizane, zimene zinkatseka misewu ya mu Chitungwiza sizinali za ku Texas zokha. Safirio Madzikatire akatulukira ngati Mukadota, akukangana ndi Mai Rwizi amene ankaseweredwa ndi Susan Chenjerai, ngakhale agogo amene Chishona chawo chinali chosakanikirana ndi Chinyanja ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Pambuyo pake kunabwera Paraffin, kenako Gringo wa Lazarus Boora. Anthuwa ankasewera moyo wathu weniweni: lendi, alamu obwera osanena, malipiro otha mwezi usanathe. Koma masewero oterewa, kuno ndi m'maiko ena a mu Africa, ankajambulidwa pa tepi yogulidwa ndi ndalama zakunja, pa nthawi imene ndalama zakunja zinali zosowa. Wojambula akafuna tepi yoti apite nayo ku msonkhano wa mawa, maso ankagwera pa shelefu.

Ngakhale tepi imene sinafufutidwe siikhala mpaka kalekale. Guluu amene amagwira utoto wa maginito pa tepi amayamwa chinyezi, tepi n'kuyamba kunata, ndipo ukaiika m'makina imalira n'kusiya utoto wake pa mitu yowerengera. Filimu yakale ikayamba kuonongeka imanunkha ngati viniga, imakwinyika, ndipo imafulumizitsa kuonongeka kwa zinzake zoyandikana nazo. N'chifukwa chake tinkayamba ndi mphuno. Makina a U-matic analeka kupangidwa, ndipo amisiri odziwa kuwakonza akukalamba. Lamulo la zoulutsa mawu la mu 2001 linalamula kuti magawo 75 pa 100 alionse a zoulutsidwa akhale a m'dziko muno, ndipo linatsegulira njira oimba ndi osewera atsopano. Koma lamulo lolimbikitsa kupanga zatsopano silipulumutsa zakale.

Palinso nkhani ya umwini. Ku America mabungwe a osewera anamenyera kuti pulogalamu ikabwerezedwa, wosewera alandireko kangachepe. Kuno wosewera kawirikawiri ankalipidwa kamodzi, pa tsiku lojambula, ndipo pepala lonena za mawa panalibe. Pulogalamu yopanda mwini wodziwika ndi yovuta kuigulitsa kunja, ndipo chinthu chimene sichibweretsa ndalama palibe amachigulira chipinda chozizira. Bungwe la URTNA, limene linkagwirizanitsa mawailesi a mu Africa, linali ndi malo osinthanirana mapulogalamu ku Nairobi, koma silikanafanana mphamvu ndi makampani amene ankabwera ndi magawo 300 okonzeka kale pamtengo wotsika. Dallas akuonekabe bwino lero chifukwa wina ankadziwa kuti ndi wake ndipo adzadyerapo.

Tsono abale anga, gawo lina la ntchitoyi lili m'manja mwanu. Zambiri za masewero akale zimene mumaziona pa YouTube, zogwederagwedera zija, zinachokera pa makaseti a VHS amene munthu wamba anajambula m'nyumba mwake. M'masutikesi ndi pamwamba pa mawadiropu a mu St Mary's muli makaseti otere, ndipo ena ali ndi zimene siteshoni iliyonse ilibe: gule wamkulu atatuluka pa maliro a mkulu wa dambwe, ukwati wa ku tchalitchi, kwaya ikuimba m'Chichewa cha anthu obadwira kuno. Musawataye. Aimikeni choimirira ngati mabuku, kutali ndi dzuwa, chinyezi ndi masipika. Mukaona chuku choyera pa tepi musaiike m'makina, chifukwa mudzaononga tepi ndi makina omwe. Lembani pa chikuto chaka, malo ndi maina a amene alimo, akuluakulu owadziwa akadali moyo. Pezani wodziwa kusamutsira pa kompyuta, koma kaseti yeniyeniyo muisungebe. Ku National Archives of Zimbabwe ku Harare kuli gawo losunga zomvera ndi zoonera, ndipo ndi malo oyenera kukafunsa mukapeza chinthu chosowa.

Kwa inu achinyamata amene mukujambula masewero ndi foni n'kumaika pa Facebook, phunzirani kwa Lucille Ball ndi Desi Arnaz. Sungani kopi yoyamba, yosachepetsedwa, m'malo awiri osiyana. Musanayatse kamera lembani pa pepala kuti sewerolo ndi la yani, ndipo likadzagulitsidwa aliyense adzapeza zingati. Tsamba la pa intaneti likhoza kutsekedwa usiku umodzi, ndipo eni ake sakukusungirani inu. Zengerezu adalinda kwawukwawu: tepi imene ikuwerengeka chaka chino mwina sidzawerengeka pakatha zaka zisanu, choncho woyamba kutsegula sutikesi akhale inu, mwezi uno.