MANTHA AMENE AMATSALA MUTU UTAPOLA

Mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, bambo wina wa mumphakati wathu ku Marapodi anakwera padenga kukakhoma malata. Makwerero anatsetsereka, iwo nagwa chagada, namenyetsa mutu pansi mpaka kukomoka kanthawi. Kuchipatala chachikulu cha UTH madokotala anawayeza nawauza kuti chigaza sichinasweke, koma ubongo unagwedezeka.

Patapita masabata atatu litsipa ndi chizungulire zinatha. Komabe kuntchito sanabwerere, ndipo ku Misa mpando wawo unakhala wopanda munthu. Nditapita kukawazonda ndinawapeza ali khale pakona ya chipinda, atavala chipewa chaubweya kunja kukutentha. "Aphunzitsi," anatero, "dzulo mdzukulu wanga anandigunda ndi chigongono pamphumi. Usiku wonse sindinagone, ndinali kudikira imfa."

Tisawaseke bambowa. M'komboni muno mutu ulibe pobisala. Zitseko zathu n'zazifupi, minibasi imadzaza ndi kudumpha m'maenje, ndipo pamsika wa Soweto onyamula matumba sayang'ana amene ali patsogolo. Koma chimene chinawatsekera m'nyumba sichinalinso bala ayi, anali mantha. Pakhomo ufa unayamba kuchepa, ndipo mayi anasenza okha banja lonse.

Mulungu sanausiye ubongo pamtunda. Anautchinga ndi fupa lolimba, naukhazika m'madzi amene amauteteza. Kuti ugwedezeke pamafunika mphamvu yaikulu, monga kugwa kuchokera pamwamba, ngozi ya galimoto kapena nkhonya. Kugunda pang'ono pafelemu ya chitseko kawirikawiri sikufika pamenepo. Nanga bwanji mutu umayambanso kuwawa? Munthu akadzidzimuka minofu ya m'khosi imakungika, mtima umathamanga, tulo timasowa, ndipo zimenezi pazokha zimabweretsa litsipa. Ululu wotere umazilala munthu akapumula ndi kukhazika mtima pansi.

Kale odwala ankauzidwa kugona mumdima masiku ambiri. Akatswiri amene anakumana ku Amsterdam m'chaka cha 2022 anagwirizana zina: wovulala apumule tsiku limodzi kapena awiri, kenaka ayambe kuyenda pang'onopang'ono ndi kugwira tintchito topepuka. Anthu ambiri amachira mwezi usanathe. Kudzitsekera m'nyumba kumachedwetsa kuchira.

Sindikunena kuti titaye nzeru. Pamene ubongo ukupola, kuvulalanso kwenikweni n'koopsa. Choncho wodwala asakwere padenga, asakwere njinga, asasewere mpira ndipo asamwe mowa kufikira adokotala atamulola. Ndipo ngati munthu wagunda mutu, nayamba kusanza mobwerezabwereza, kusinza mosadzutsika, kugwa ngati wakhunyu, kulankhula zosokonekera, kufooka mbali imodzi ya thupi, kutuluka magazi kapena madzi m'khutu kapena m'mphuno, kapena mutu ukamawawa moonjezereka, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Okalamba ndi amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana ayenera kupimidwa ngakhale atagunda pang'ono, pakuti mwa iwo magazi angathe kudontha m'chigaza mwakachetechete kwa masabata angapo. Zizindikiro zimenezi zikapanda kuoneka, musamangire nyumba mantha.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mu Uthenga Wabwino wa Marko timamva za munthu wofa ziwalo amene anafika kwa Ambuye chifukwa anzake anayi anamunyamula. Ifenso tinachita zochepa zimene tikanatha. Sabata loyamba mnzawo wina anayenda nawo mpaka pampopi wa madzi ndi kubwerera. Sabata lachiwiri anafika kutchalitchi, nakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Sabata lachitatu tinakwera nawo minibasi kupita m'tauni. Pa bampu lina mutu wawo unakhudza denga la galimoto. Anandigwira dzanja mwamphamvu, tinawerenga pamodzi zizindikiro zija, ndipo panalibe ngakhale chimodzi. Tisanafike mu Cairo Road anali atayamba kukangana ndi kondakitala za chenji.

Lero adokotala anawalola kubwerera kuntchito, ndipo akakwera padenga mnyamata wawo amagwira makwerero. Owerenga okondedwa, yang'anani m'mphakati wanu. Mwina alipo wina amene bala lake linapola kalekale, koma akudikira mnzake woti atuluke naye pakhomo.