Musasiye tramadol mwadzidzidzi

Omvera athu, ena mwa inu munapatsidwa tramadol kuchipatala mutathyoka fupa kapena mutachitidwa opaleshoni. Mankhwalawa ali m'gulu limodzi ndi morphine ndi codeine. Ululu amathetsadi, koma mukamwa tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo thupi limawazolowera. Izi zimachitikira ngakhale munthu wotsatira bwino malangizo a dokotala, choncho musachite nazo manyazi.

Vuto limayamba mapiritsi akatha. Pasanathe tsiku limodzi mumayamba kuyasamula pafupipafupi, mamina ndi misozi zili chuchuchu, thukuta likutuluka koma mukumva kuzizira, m'thupi monse mukuphwanya. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiye poipitsitsa: kutsegula m'mimba, kusanza, kusowa tulo, miyendo yosakhazikika pamphasa. Tramadol alinso ndi zakezake, ena amagwidwa ndi mantha aakulu, ena amasokonezeka maganizo. Zambiri zimachepa pakatha masiku 7 mpaka 10, ngakhale kuti tulo timachedwa kubwerera.

Apa m'pamene ambiri amasochera. Wina amati ndi malungo, wina amati walodzedwa, winanso amathamangira kumsika wa m'malire kukagula mapiritsi ena kwa ogulitsa pamphasa, omwe mphamvu yake sidziwika. Malungo kayezetseni ndithu, koma muwauze anamwino mankhwala amene munkamwa, angati patsiku, ndiponso kuyambira liti. Iwo adzakuchepetserani pang'onopang'ono, mlungu ndi mlungu, kuti thupi lisadzidzimuke. Ngati mukutsegula m'mimba, imwani madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi a SRO. Amayi oyembekezera, inu musayese n'komwe kusiya panokha chifukwa mimba ikhoza kuchoka.

Choopsa kwambiri chimadza pambuyo pake. Mukakhala masiku angapo osamwa, kuzolowera kuja kumatha. Mukabwerera ku mulingo wakale, makamaka pophatikiza ndi kachasu kapena diazepam, mpweya umachepa mpaka munthu kufera kutulo. Komanso kupitirira mamiligalamu 400 patsiku, omwe ndi makapisozi 8 a mamiligalamu 50, kungakugwetseni ngati wakhunyu.

Mukaona mnzanu amene wamwa tramadol sakudzuka, akupuma mwapatalipatali kapena akuliza nkonono wachilendo, musamusiye kuti agone. Mugonekeni chammbali, pezani njinga yamoto kapena galimoto, mupite naye kuchipatala mutanyamula paketi ya mapiritsiwo. Alipo mankhwala otchedwa naloxone omwe amabweza mpweya akabayidwa msanga.